Kugawa sikirini ya laputopu pawiri, bwanji mukuzunzika ndi kutsegula-tseka?

Mwezi watha ndinawapeza alamu anga ali kalikiliki pa laputopu thukuta lili kamukamu. Iwowa ndi mlembi wa banki m'khonde ya kwawo, ndiye azimayi amawatumizira zithunzi za m'kaundula pa WhatsApp kuti manambalawo alowe mu Excel. Kachitidwe kake kanali aka: atsegula chithunzi, awerenga nambala, ayamba kuibwereza pakamwa "sikisite faifi sauzande, sikisite faifi sauzande" kuti isathawe, kenako atsitsa chithunzi, atsegula Excel, alemba. Mwana akangoti "amama" basi nambala ija yapita, ayambirenso. Anthu 28 gulu lonselo, aliyense masheya ake, ngongole yake, chiwongola dzanja chake. Ndinati alamu tandipatsani kaye makinawa ndikuonetseni kanthu.

Choyamba tsegulani zinthu zonse ziwiri zomwe mukufuna kugwiritsa ntchito, apa tinene Excel ndi WhatsApp ya pa Chrome. Dinani pa Excel kuti ikhale pamwamba. Tsopano yang'anani pa kiyibodi m'munsi chakumanzere, pafupi ndi Alt, pali batani lojambulidwa timabokosi tinayi, limenelo ndi batani la Windows ndipo anthu ambiri amangolidina mwangozi n'kumadabwa kuti chatulukachi n'chiyani. Ligwireni osalisiya, ndiye chala china chidine muvi woloza kumanzere. Excel ija ithamangira kumanzere n'kutenga theka la sikirini ndendende. Ngati muli pa Windows 10 kapena 11, mbali yotsalayo ikuonetsani tizithunzi ta zonse zomwe mwatsegula, inu mungodina pa Chrome, yakhala kumanja. Kwatha. Chithunzi uku, Excel uku, maso okha ndi amene akuyenda.

Zimenezi sizachilendo ayi, zinabwera ndi Windows 7 mu 2009, kungoti pa 7 tizithunzi tosankha tija kulibe, tinabwera ndi Windows 10 mu 2015. Ndiye ngati laputopu yanu ikadali pa 7 mudina nokha pa windo yachiwiriyo kenako batani la Windows ndi muvi wakumanja.

Okonda mausi nawonso njira ilipo, mugwire windo pamwamba penipeni pomwe pamalembedwa dzina la fayilo, muikoke mpaka kamuvi ka mausi kagunde m'mphepete mwa sikirini, mukaona kamthunzi katuluka musiye. Koma kunena zoona pa touchpad zimatopetsa, chala chimafika kumapeto windo isanafike, ine ndimati phunzirani za pa kiyibodi zija basi, tsiku limodzi lokha zala zizolowera.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti theka ndi theka si lamulo. Ikani kamuvi ka mausi pamzere wapakati pomwe mawindo awiriwo akumana, kasintha n'kukhala koloza uku ndi uku, ndiye mugwire n'kukoka. Pa Windows 10 ndi 11, imodzi ikamakula inayo ikuchepa yokha. Kwa alamu aja tinaipatsa Excel malo ambiri chifukwa inali ndi makolamu asanu ndi awiri, chithunzi chinangotsala ndi kachigawo kokwanira kuwerenga mzere.

A Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, muli ndi zina zowonjezera zotchedwa Snap Layouts. Dinani Windows ndi Z, kapena ingoikani mausi osadina pa kabokosi kapakati kaja pakona yakumanja, pakati pa kamzere kotsitsira ndi X wotsekera. Pabwera mapulani a kagawidwe, wina pawiri, wina patatu, wina panayi, musankhe malo omwe windoyo ikakhale.

Apa ndiye ndikuchenjezeni, musatengeke ndi zogawa panayi. Zimatheka inde, ngakhale pa Windows 10, mukadina Windows ndi muvi wakumanzere kenako Windows ndi muvi wam'mwamba windo imapita pakona. Koma malaputopu ambiri omwe timagula akaunjikawa sikirini yake ndi 1366 kwa 768, ndiye mukagawa panayi kabokosi kalikonse kamatsala 683 kwa 384, Excel ikuonetsani timizere towerengeka, zina zonse ndi mabatani okhaokha. Zokongola pojambulitsa chithunzi anthu aziti akuluwa ali bize, koma ntchito siyenda. Pawiri n'pokwanira.

Ngakhale pawiri pomwepo malo amachepa, ndiye pali timachenjera. Mu Chrome dinani Ctrl ndi chizindikiro chochotsera kuti zilembo zichepe tsamba likwane, mukafuna kubwezera mwakale ndi Ctrl ndi 0. Mu Word kapena Excel dinani Ctrl ndi F1, chimzere cha mabatani cham'mwamba chija chibisala ndipo mupeza mizere ina ingapo yowonjezera. Malaputopu ena amafuna muphatikizepo Fn kuti F1 imve.

Vuto lomwe anthu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti "ndatsegula masamba awiri mu Chrome koma akukana kugawika". Eya akana, chifukwa ma tab awiri ali mu windo imodzi, kompyuta ikuona chinthu chimodzi. Gwirani tab imodziyo muikokere pansi pang'ono n'kuisiya, iima payokha ngati windo, ndiye muigawe ngati poyamba paja. Kwa ophunzira amene mukulemba asainimenti ndipo mukufuna kuona tsamba 2 uku mukulemba tsamba 15 la fayilo yomweyo, mu Word pitani pa View mudine New Window, fayilo imodziyo itseguka kawiri ndipo chomwe mwalemba uku chikuonekanso uko.

Chinanso, zonse ziwiri zikuoneka koma kiyibodi imamvera imodzi yokha, yomwe mwaidina komaliza. Ineyo zinandionekera, ndinali ndi WhatsApp mbali imodzi bajeti yapakhomo mbali inayo, ndinalemba ndalama ya lendi n'kumenya Enter ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndili mu Excel, kumene nambalayo yapita pa gulu la kutchalitchi. Wina mpaka anafunsa ngati ndi chopereka. Ndiye musanalembe dinani kaye mbali yomwe mukufuna, kapena Alt ndi Tab kuti mudumphire kwinako osagwira mausi.

Mukayesa zonsezi koma windo osasuntha, mwina wina anazimitsa. Pitani ku Settings, System, Multitasking, muyatse pomwe palembedwa Snap windows. Mapulogalamu ena ali ndi malire a kuchepa kwake, amenewo musalimbane nawo, apatseni mbali yaikulu. Ndipo laputopu ikayamba kuchedwa musanamizire kugawako, chimadya RAM (malo omwe kompyuta imagwiriramo zomwe zili zotsegula) ndi kuchuluka kwa zomwe mwatsegula, pa makina a 4GB ma tab 20 a Chrome ndi amene akukupwetekani, tsekani osafunikawo.

A MacBook ikani mausi pa kabatani kobiriwira pakona yakumanzere, pabwera zosankha zoika windo kumanzere kapena kumanja. Ndipo amene muli ndi TV yolowa HDMI kunyumba, lumikizani chingwe, dinani Windows ndi P musankhe Extend, TV ikhala sikirini yachiwiri yathunthu, nkhani yopanikizana yatha.

Mukamaliza ntchito dinani kawiri msangamsanga pamwamba pa windo paja, idzadzanso sikirini yonse. Alamu aja anamaliza mayina 28 onse batire isanathe, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, kenako anandifunsa ngati mbali inayo angaikeko filimu uku akulemba. Ndinati zimatheka alamu, koma ndalama za anthutu izi.