Gemu ikaphweka, dziikireni malamulo

Career Mode ya gemu ya mpira ya EA Sports FC, momwe mumayendetsa timu sizoni ndi sizoni, imatopetsa msanga mukatenga Real Madrid, chifukwa ndalama zilipo ndipo zikho zimangobwera. Yambiraninso ndi timu ya League Two, ligi yachinayi ku England, mukweze difficulty (kuvuta kwa gemu) kufika pa mlingo wa World Class.

Lamulo lalikulu: osagula wosewera, muzidalira anyamata a ku academy basi. Tumizani scout, wofufuza anyamata aluso, sabata yoyamba yomwe, poti mwana amafuna masizoni awiri kapena atatu kuti akhwime. Ambiri amalakwitsa pogulitsa akuluakulu onse nthawi imodzi. Timu imatsala ya ana okhaokha, zigoli n'kumangolowa. Sungani goloboyi ndi otchinga kumbuyo awiri odziwa ntchito.

Mukagonja, mwagonja. Osazimitsa PlayStation kuti mubwereze. Koma kuno ku Blantyre, kaya ku Ndirande kaya ku Chilomoni, magetsi amatha kuthima mpira uli mkati, choncho dziikireni lamulo pasadakhale kuti zikatero mupanga simulate masewerowo, kuti kompyuta iwasewere yokha.

Pa gemu ya Pokémon yesani malamulo otchedwa Nuzlocke: mumagwira Pokémon woyamba yekha amene mwakumana naye m'dera lililonse, ndipo akakomoka simumugwiritsanso ntchito.

Malamulowa lembani papepala musanayambe, chifukwa mukachinyidwa katatu motsatizana mtima umayamba kukunyengererani.