Momwe mungasankhire maphunziro a kuyunivesite: m'kalasi, ODeL kapena a weekend

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo digiri yanga ndinaipeza kudzera ku ODeL (Open, Distance and e-Learning), kutanthauza kuphunzira ndili pakhomo kwinaku ndikugwira ntchito. Anzanga ambiri amandifunsa kuti alowe njira iti. Ndikuuzani mmene ndinayendera ine.

Choyamba, dziwani kuti njira zilipo zitatu. Pali ya m'kalasi tsiku ndi tsiku, imene achinyamata ongomaliza Fomu 4 amaikonda chifukwa laibulale ili pafupi ndipo lecturer amamuona ndi maso. Pali ODeL, imene mayunivesite a Mzuni ndi LUANAR akhala akuchita kwa zaka ndithu: amakupatsani ma module (zowerenga za phunziro lililonse), ntchito mumatumiza pa intaneti. Kenako pali ya weekend kapena block release (kukaphunzira masiku angapo motsatizana kenako nkubwerera kuntchito), yokomera amene amakhala m'tauni. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinaona tokha kuti intaneti yokhayokha imamusiya m'mbuyo mwana wa kumudzi kopanda magetsi. Nchifukwa chake anthu ogwira ntchito amene ndimawadziwa, aphunzitsi, anamwino, apolisi, amafuna njira yosakaniza: kuwerenga kunyumba koma nthawi zina kukakumana ndi aphunzitsi. Ngati muli pantchito ndipo muli ndi banja, musadzinamize kuti mukwanitsa ya m'kalasi.

Chachiwiri, musanalipire tambala iliyonse, onani ngati sukuluyo komanso pulogalamu imene mukufunayo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ndanena zonse ziwiri dala, chifukwa sukulu imatha kukhala pamndandanda koma pulogalamu yanu palibe. Chenjerani ndi anthu a pa Facebook amene amalonjeza digiri ya kunja m'miyezi yochepa, kapena oti akupezerani malo mukawatumizira kangachepe pa foni. Ndalama ya fomu imalipiridwa ku akaunti ya sukulu kubanki, ndipo risiti muisunge.

Chachitatu ndi pamene ine ndinagwa, ndiye mundilole nditalikitse. Ndinkaganiza kuti ODeL ndiye kuti kusukulu sudzapondako. Ayi ndithu. Kumayambiriro kwa semester mumayenera kukaonekera kwa masiku angapo kuti aphunzitsi akulongosolereni ma module, ndipo mayeso mumakalemba pamaso pa oyang'anira. Ine sindinafunse za masiku amenewa. Chaka choyamba, sabata ya mayeso anga inagundana ndi ya mayeso a Sitandade 8, ndipo ndinali nditapatsidwa kale ntchito yokayang'anira ana pasukulu ina. Ndinathamanga kwa ahedi mochedwa, tchuthi sichinatheke. Maphunziro awiri ndinawabwereza chaka chotsatira, ndalama zina pamwamba, ndipo anzanga amene ndinayamba nawo anandisiya. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa linali funso limodzi lokha loti ndikanafunsa.

Ndiye inu chitani izi. Musanalembetse, pemphani kalenda ya chaka chonse ku ofesi ya ODeL. Mukaipeza, iyikeni pambali pa kalenda ya kuntchito kwanu ndipo muchonge paliponse pamene zikugundana. Funsaninso kuti mayeso mudzalembera kuti, chifukwa masukulu ena ali ndi ma centre m'maboma, ndipo kusankha yapafupi kumakupulumutsani ku thiransipoti. Pomwepo lembani kalata kwa abwana anu yowadziwitsa masikuwo, iwo asayine, kope lina musunge nokha. Zonena pakamwa zimaiwalika. Werengeraninso malo ogona ndi chakudya cha masabata amenewo. Ambiri timangowerengera fizi, kenako nkupezeka tikugona asanu m'chipinda chimodzi cha lendi. Eni nyumba apafupi ndi sukulu amadziwa nthawi imene a ODeL amabwera ndipo mitengo amakweza, ndiye gwirizanani ndi anzanu mupeze malo kudakali mwezi.

Chachinayi, zida. Foni yokha imathandiza kuwerenga ndi kulowa m'magulu a WhatsApp, koma kulemba assignment ya masamba khumi pafoni ndi chilango. Laputopu yakale ndiyokwanira, kungoti kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale zakalezo zinakwera mtengo. Pogula, uzani wogulitsa achotse chaja muone ngati batire ikukhala. Ena amaionetsa ili pamagetsi dala. Yesani Airtel ndi TNM pakhomo panu penipeni, osati pa trading centre, muone yomwe ikugwira. Ine ndinkatsitsa zowerenga zonse usiku nkumaziwerenga masana data itazimitsidwa. Kasola kakang'ono kochajira foni kamathandiza magetsi akathima. Oti akulembereni assignment pamtengo muwakane: ntchito yomweyo amagulitsa kwa anthu angapo, ndipo mukagwidwa ndinu amene muchotsedwe sukulu.

Zotsalazo nzosavuta. Konzani satifiketi ya MSCE yokhala ndi ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndi dipuloma ngati muli nayo. Lembani fomu, lipirani, tumizani tsiku lotseka lisanafike. Za loni kafunseni nokha ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, musanaikepo mtima. Mukatengedwa, lowani pagulu la kalasi yanu tsiku lomwelo, ndipo assignment muzitumiza kutatsala masiku awiri.