Kwa amene mukufuna kuyambitsa kagulu ka filosofi pa resitilanti

Anzanga a mu Blantyre muno, ndikutsineni khutu pang'ono. Zokumana pa tiyi n'kumakambirana mafunso ozama si zachilendo ayi, katswiri wa filosofi wa ku France, Marc Sautet, anaziyambitsa ku Paris mu 1992 pa malo omwera khofi otchedwa Café des Phares, anthu ankakumana Lamlungu lililonse m'mawa.

Ife timakumana Loweruka cha m'ma 3 koloko pa resitilanti ina ku Ginnery Corner, nthawi imeneyo a nsima ya masana apita, mipando ili mbwee. Yambani mwalankhula ndi mwini malo, ndipo aliyense azigula kenakake olo tiyi kaya Fanta, ife tinachitapo manyazi tsiku lina anthu 9 kuzungulira botolo limodzi la madzi mpaka weita anayamba kupukuta tebulo tili pompo.

Funso muzisankhira pomwepo pokweza manja, lalifupi, ngati "kodi umunthu ungatheke ulibe ndalama?" Pakhale wogwira nthawi, aliyense mphindi 3, apo ayi bambo mmodzi amene anawerengako mabuku a Plato, katswiri wa filosofi wakale wa ku Greece, alankhula yekha mpaka dzuwa kulowa. Zachipani zitsale panja. Tsiku la Bullets ndi Wanderers musayerekeze n'komwe, simumvana. Muziweruka 5 isanakwane kuti a ku Bangwe ndi Chilomoni apeze minibasi.