Lamba woyeza mtima ankanama m'mawa kukazizira

Ndimaphunzitsa anyamata othamanga kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo mtima timauyeza ndi lamba womanga pachifuwa amene amatumiza manambala pa foni kudzera pa Bluetooth. Lambayu amamva timagetsi tomwe mtima umatulutsa, n'kuwerenga mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira. Mtima ukamagunda ka 150 pa mphindi, mpatawo umakhala mamilisekondi 400.

Mu Juni manambala anayamba misala. Mnyamata wangoyamba kumene, foni ikuti 220, kenako 70. Thupi likatenthedwa, zonse zinkakhazikika zokha.

Gwero lake linali kusowa kwa thukuta. Ku Angónia m'mawa kumazizira, thukuta limachedwa kutuluka, ndipo khungu louma silidutsitsa bwino magetsi kupita pa tizigamba tiwiri tosalala ta mkati mwa lamba. Tsopano tisanayambe ndimanyowetsa tizigambato ndi madzi othira kamchere, n'kumanga lamba mothina pang'ono, m'munsi mwenimweni mwa chifuwa, kuti asamatsetsereke. Majezi a nayiloni nawonso ankasokoneza, chifukwa akamakhulana ndi lamba amapanga magetsi awoawo. Timangowawaza madzi kutsogolo, basi.

Wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangovala wotchi?" Wotchi imaunika khungu ndi kuwala kobiriwira kuti ione magazi akamadutsa. Kukazizira timitsempha ta pamkono timapanikizika, ndipo nthawi zina imangowerenga kugwedera kwa dzanja. Pa ntchito iyi ine sindiikhulupirira.

Tikamaliza ndimachotsa pa lamba kachipangizo kotumiza manambala ku foni, chifukwa kakasiyidwa pa lamba wonyowa kamapitiriza kudya batire.