Momwe mungakonzekere mayeso a FRCA a ukatswiri wogonetsa odwala pa opaleshoni

Madokotala ambiri amene amafuna kukhala akatswiri ogonetsa odwala pa opaleshoni ku Britain amadutsa pa mayeso a FRCA, amene amakonzedwa ndi Royal College of Anaesthetists, bungwe lomwe likulu lake lili ku London. Malangizo awa ndawalembera makamaka madokotala akwathu amene ali kale kumeneko kapena akulingalira zopitako, koma amene akuchita digiri ya MMed ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, kapena akukonzekera mayeso a CANECSA, bungwe la akatswiri ogonetsa odwala la kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, ngakhale a FCA a ku South Africa, apezamonso zowathandiza. Oyesa m'mabungwe onsewa amafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi dokotala uyu tingamusiyire wodwala pakati pa usiku, popanda wamkulu pafupi, wodwalayo n'kudzuka ali bwino? Kuwerenga kwanu konse kuzikhala kuyankha funso limeneli.

Choyamba, dziwani njira yonse musanagule buku lililonse. Dokotala akamaliza sukulu ya udokotala ku Britain amagwira ntchito zaka 2 za Foundation, kenako amalowa maphunziro a kugonetsa odwala omwe, malinga ndi ndondomeko ya 2021, amatenga zaka 7 m'magawo atatu: zaka 3 zoyamba, zaka 2 zapakati ndi zaka 2 zomaliza. Mayeso a Primary FRCA muyenera kuwakhoza kuti mutuluke m'gawo loyamba, ndipo a Final FRCA muyenera kuwakhoza gawo lachiwiri lisanathe. Palinso kuyesedwa kwa pa ntchito penipeni. M'miyezi yoyambirira akuluakulu amakuonani mukugonetsa odwala mpaka atakhutira kuti mungakhale pa ntchito popanda wina kuima pambali panu nthawi zonse, ndipo umboni wake umatchedwa Initial Assessment of Competence. Chaka chilichonse gulu la akuluakulu limaunika mmene mwayendera, pa msonkhano wotchedwa ARCP. Chifukwa cha ichi, lembani wodwala aliyense amene mwamugonetsa m'kaundula wanu tsiku lomwelo, ndipo musadikire kumapeto kwa chaka kuti muziyendayenda kupempha akuluakulu kusainira ntchito zimene anaziiwala kale. Amene munaphunzira udokotala kunja kwa Britain, kumbukirani kuti simungagwire ntchito kumeneko musanalembetsedwe ndi General Medical Council, bungwe lolembetsa madokotala m'dzikolo.

Kwa zaka zingapo tsopano mayeso a Primary akhala ndi mbali zitatu. Mbali yolemba ili ndi mafunso 90 oyankha m'maola 3, ndipo funso lililonse limakupatsani mayankho 5 kuti musankhepo loyenera koposa. Mbali ya OSCE imakuyendetsani m'malo oyeserapo osiyanasiyana, mphindi 5 pamalo alionse, pomwe mumasonyeza ndi manja komanso pakamwa zimene mumachita pa ntchito. Mbali ya SOE ndi mayeso apakamwa, magawo awiri a mphindi 30, pamaso pa oyesa awiri pa gawo lililonse. Bungweli lalengeza kuti likusintha kakonzedwe ka mayesowa, choncho werengani malamulo atsopano pa tsamba lake musanalipire ndalama. Kakonzedwe kangasinthe, koma maziko atatu amene Primary imayesa sasintha: mmene thupi limagwirira ntchito, mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, ndi sayansi ya zipangizo zoyezera ndi zopumitsira wodwala.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Amapatula mabuku ndi ntchito, masana n'kumagonetsa odwala mwachizolowezi, usiku n'kumaloweza manambala amene sakuwalumikiza ndi munthu aliyense wamoyo. Kuwerenga kotereku kumatopetsa ndipo sikukhalitsa m'mutu. Njira yabwino ndi kutenga mutu wa tsikulo kuchokera m'chipinda cha opaleshoni momwemo. Mukamangirira kachipangizo koyezera okosijeni pa chala cha wodwala, dzifunseni kuti kamadziwa bwanji zimene kakukuuzani. Madzulo ake kawerengeni kuti kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri, kofiira kwa 660 nm ndi kosaoneka ndi maso kwa 940 nm, kuti magazi okhala ndi okosijeni ndi opanda okosijeni amamwa kuwalako mosiyana, ndiponso kuti kachipangizoka kamasankha gawo lokhalo la kuwala limene likusintha ndi kugunda kwa mtima. Mukamvetsa zimenezi simufunikanso kuloweza chifukwa chake kamalephera kuwerenga bwino chala chozizira cha wodwala amene wataya magazi ambiri, kapena chifukwa chake kamaonetsa nambala yabwino mwa munthu amene wapuma utsi wa mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pamene magazi ake adzaza ndi carbon monoxide.

Chitaninso chimodzimodzi ndi mankhwala. Tsiku limene mwabaya suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu, pa mlingo wa 1 mpaka 1.5 mg pa kilogalamu, onetsetsani mmene minofu ya wodwala imanjenjemerera kaye isanafooke, ndipo mukawerenge chimene chikuchitika pamalo pomwe mtsempha wa uthenga umakumana ndi mnofu. Mupeza kuti mankhwalawa amakweza potaziyamu m'magazi ndi pafupifupi 0.5 mmol pa lita mwa munthu wabwinobwino, koma mwa munthu amene anapsa kwambiri masiku angapo apitawo, kapena amene anapuwala ziwalo, angakwere mpaka kuimitsa mtima. Oyesa amakonda funso limeneli chifukwa dokotala wosadziwa yankho lake angaphe munthu. Ndi propofol, mankhwala ogonetsa tulo, musangodziwa mlingo wa 1.5 mpaka 2.5 mg pa kilogalamu. Mudziwe chifukwa chake wodwala amadzuka patangopita mphindi zochepa, chomwe ndi kufalikira kwa mankhwalawo kuchoka mu ubongo kupita m'ziwalo zina, osati kuti chiwindi chawamaliza kale, ndiponso chifukwa chake agogo okalamba kapena munthu wotaya magazi muyenera kumuchepetsera mlingo n'kubaya pang'onopang'ono.

Pa mayeso olemba sindinena zambiri. Gawani silabasi m'miyezi imene muli nayo, yambani kuyankha mafunso oyeserera kuyambira mwezi woyamba, ndipo funso lililonse limene mwalilakwa mulitsate mpaka ku buku kuti muone pamene maganizo anu anakhotera. Yankho lolakwika silichotsetsa malikisi, kotero musasiye funso losayankha. Mafunso 90 m'maola 3 ndiye kuti mphindi 2 pa funso, ndipo liwiro limeneli muyenera kulizolowera muli kunyumba, wotchi ili patebulo.

Mayeso apakamwa ndiwo amagwetsa anthu odziwa zinthu. Kudziwa nkhani mumtima n'kosiyana ndi kuinena momveka m'mphindi 5, mlendo akukuyang'anani m'maso, cholembera chili m'manja. Kwa ife amene tinakula tikuphunzitsidwa kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi ndi kuyankha mofatsa, pamafunika kudziphunzitsa mwadala kukweza mutu ndi kuyamba kuyankha mosazengereza. Ulemu sutayika potero, ndipo oyesa sangakupatseni malikisi pa zimene simunazitchule. Pezani anzanu awiri kapena atatu muzifunsana mokweza mawu kangapo pa sabata, komanso pemphani akuluakulu a m'dipatimenti yanu, makamaka amene mumawaopa, kuti azikufunsani monga pa mayeso enieni. Yankho lanu likhale ndi dongosolo: yambani ndi tanthauzo la chinthucho, kenako chigaweni m'magulu, ndipo pomaliza lowani m'zing'onozing'ono. Akakufunsani zimene zimachititsa kuti okosijeni achepe m'magazi pa nthawi ya opaleshoni, musatchule zifukwa mmene zikubwerera m'mutu. Tsatirani njira ya mpweya kuchokera ku gwero lake, kudutsa m'makina ndi m'mapaipi, kulowa m'kachubu ka pakhosi, kufika m'mapapo mpaka m'magazi. Woyesa akamva yankho loyenda chonchi amadziwa kuti umu ndi mmene mudzafufuzire vutolo wodwala weniweni akayamba kuda milomo.

Phunziraninso kujambula. Pali zithunzi za mizere zimene muyenera kuzijambula mofulumira uku mukulankhula, ndipo chachikulu mwa izo ndi chosonyeza mmene hemoglobin, yomwe imanyamula okosijeni m'magazi, imagwirira ndi kutayira okosijeni. Yambani ndi kulemba maina ndi miyeso ya mizere iwiri ya m'mbali, ikani mfundo zodziwika monga P50, pomwe theka la hemoglobin limakhala litagwira okosijeni, pa 3.5 kPa, kenako lumikizani. Mukatero fotokozani kuti kutentha thupi, kuchuluka kwa asidi ndi kuchuluka kwa carbon dioxide zimakankhira mzerewo kumanja, zomwe zimathandiza kuti okosijeni atsikire m'minofu imene ikugwira ntchito.

Pa OSCE ndi pa mafunso a ngozi zadzidzidzi, mawu oyamba otuluka pakamwa panu ndi ofunika kwambiri. Nenani kuti mwazindikira kuti iyi ndi ngozi, muitana thandizo, muuza dokotala wa opaleshoni kuti aime kaye, mupereka okosijeni yense, ndipo muyang'ana njira ya mpweya, kapumidwe ndi kayendedwe ka magazi motsatana. Milingo ya mankhwala opulumutsa moyo iyenera kukhala pamlomo popanda kuganizira: adrenaline 50 micrograms mu mtsempha, mobwereza ngati pafunika, kwa munthu wamkulu amene thupi lake ladana koopsa ndi mankhwala ali m'manja mwanu, dantrolene pafupifupi 2.5 mg pa kilogalamu pa malignant hyperthermia (kutentha thupi koopsa kumene mankhwala ena ogonetsa amayambitsa), ndi lipid emulsion ya 20% pa mlingo wa 1.5 ml pa kilogalamu pamene mankhwala ochititsa dzanzi alowa m'magazi mopitirira muyeso. Malangizo a Difficult Airway Society a zoyenera kuchita kachubu kakakanika kulowa pakhosi muwadziwe kuyambira pa Plan A mpaka pa Plan D, pomwe mumaboola kutsogolo kwa khosi kuti mpweya ulowe. Oyesa amafuna kumva kuti mumadziwa nthawi yoleka kuyesayesa, chifukwa kulowetsa chipangizo pakhosi mobwerezabwereza kumatupitsa njira ya mpweya mpaka kuitsekeratu. Pamalo oyesera kulankhula ndi wodwala, dzitchuleni dzina, pewani mawu a m'mabuku, ndipo mulole munthuyo amalize kunena nkhawa yake musanayambe kumuyankha.

Dokotala amene wagwirapo ntchito m'zipatala za ku Malawi amafika pa mayesowa ndi chuma chimene anzake ambiri alibe. M'dziko lathu odwala ambiri amagonetsedwa ndi ma clinical officer amene anaphunzira ntchitoyi mwapadera, ndipo amene anagwira nawo limodzi anaona ketamine akugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, anaona jakisoni wa pamsana kwa amayi ambirimbiri obereka pa opaleshoni, ndipo anaphunzira kuweruza ndi maso ndi zala kuti wodwala ali bwanji. Zimenezi muzigwiritse ntchito poyankha. Koma mudziyese moona mtima pa zipangizo zimene simunazigwire mokwanira, monga makina oyeza carbon dioxide mu mpweya wotuluka, mapampu operekera propofol motsata mlingo wa m'magazi, ndi ultrasound yoonera mitsempha pobaya mankhwala ochititsa dzanzi. Pemphani amene amasamalira makina m'dipatimenti kuti akuonetseni mmene amawayesera m'mawa uliwonse, ndipo kenako muziwayesa nokha mpaka manja azolowere.

Mukakhoza Primary musataye mabuku ake, chifukwa Final imabwereranso ku sayansi yomweyo koma kudzera mwa wodwala. Mbali yolemba yakhala ndi mafunso osankha komanso mafunso 12 oyankha mwachidule m'maola 3, omwe amatchedwa CRQ, ndipo pambuyo pake pamabwera mayeso apakamwa. Pa CRQ yang'anani malikisi a kachigawo kalikonse. Akapempha zifukwa zitatu, lembani zitatu zimene mukuzikhulupirira koposa, zolunjika pa wodwala amene wafotokozedwa m'funsolo, osati zimene zingakwane wodwala aliyense. Pa msinkhu umenewu oyesa akufuna kumva chisankho chanu. Akakupatsani mayi wapakati amene magazi ake akuthamanga kwambiri ndipo ma platelet ake (tizigawo tothandiza magazi kuundana) atsika, amayembekeza kuti munene ngati mumubaya pamsana kapena mumugonetsa tulo, mupereke chifukwa chake, mutchule kuopsa kwa njira imene mwasankha, ndiponso munene kumene mayiyo akagonekedwe opaleshoni ikatha. Nthawi yabwino yokonzekera ndi pamene mukuzungulira m'zigawo za ana, za amayi oyembekezera, za opaleshoni ya mtima ndi ya ubongo, za ululu ndi za odwala kwambiri, kuti zimene mukuwerenga usiku mukazione ndi maso m'mawa mwake.

Sankhani tsiku lolemba mwanzeru. Mbali iliyonse ya mayesowa ili ndi malire a maulendo 6, ndipo ndalama zake ndi zambiri, choncho musalembetse pongofuna kukaona mmene mafunso amakhalira. Yang'anani ndandanda ya ntchito yanu, pemphani tchuthi chowerengera nthawi ikadalipo, ndipo pewani kulowa mayeso mutangochoka kumene pa ntchito za usiku. Mukalephera, zomwe zimachitikira madokotala abwino ambiri, tengani zotsatira zanu mukakhale pansi ndi College Tutor wa pachipatala chanu, amene ndi woyang'anira maphunziro m'dipatimenti, kuti muone ngati vuto linali kusadziwa, kusayala bwino yankho kapena kusowa nthawi, popeza mankhwala a mavuto atatuwa ndi osiyana. Mukakhoza Final mumatsala ndi gawo lomaliza la maphunziro, momwe mumazamira m'mbali ya ntchito imene mwaisankha, ndipo mukalimaliza General Medical Council imakupatsani satifiketi ya CCT, yosonyeza kuti mwamaliza maphunziro a ukatswiri, ndi kukulembani m'kaundula wa akatswiri.