Kapangidwe ndi kayendetsedwe ka ma skyrmion mu labu

Skyrmion ndi kakamvuluvulu ka maginito mkati mwa chitsulo chopyapyala kwambiri, timaginito ta ma atomu tonse taloza mmwamba koma ta pakati taloza pansi, tozungulira tapendekeka pang'onopang'ono. Dzinali ndi la Tony Skyrme, wasayansi wa ku Britain. Asayansi anayamba kuona tima skyrmion timeneti mu 2009 ku Munich, Germany, mu MnSi (msakanizo wa manganese ndi silicon), koma pozizira koopsa, cha m'ma 29 K (pafupifupi -244°C), ndiye pa nkhani yosungira data mu foni ya munthu zinalibe ntchito.

Mukafuna tokhala pa kutentha wamba, nkhani yagona pa kusanja zitsulo. Mu makina a sputtering, omwe amawaza chitsulo mopyapyala kwambiri, yambani ndi platinum ma nanomita ochepa, pamwamba pake cobalt wosafika nanomita imodzi, kenako tantalum. Tsitsi limodzi kunenepa kwake limaposa ma nanomita 50,000, ndiye mwaona kupyapyala kwakeko. Musalakwitse kuika platinum pansi ndi pamwamba pomwe, mphamvu imene imapotokola timaginitoti, ija amati DMI, imachokera pomwe cobalt wakhudzana ndi chitsulo cholemera, ndiye mbali ziwirizo zikafanana zimafafanizana basi, mwangotaya tsiku.

Mukayang'ana pa maikulosikopu ya Kerr muona mizere yokhotakhota ngati ya pa chala. Ikani maginito ofooka oloza mmwamba, muzikweza pang'onopang'ono, mizere ija iyamba kuduka nkusanduka timadontho, ma skyrmion aja ndi amenewo. Mukapyola muyeso tonse tizimiririka, ndiye dekhani. A ku labu ya Argonne ku America mu 2015 anachita zina, anakankha mizereyo ndi magetsi kudutsa pakakhosi kopapatiza, ikutuluka uko ili timadontho ngati thovu la sopo.

Kutiyendetsa ndi magetsi, koma osati osalekeza, apo ayi kanjira kachitsulo komwe tikuyendamo kapsa. Muziponya ma pulse, kutanthauza magetsi ongoyaka nkuzima, a ma nanosekondi ochepa, platinum ija ndi imene imasandutsa magetsiwo kukhala mphamvu yokankha. Mu 2016 asayansi ena anafika liwiro loposa mamita 100 pa sekondi.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ine nchakuti timadonthoti sitiyenda molunjika, timakhotera kumbali mpaka kukafera mmphepete mwa njira, ndipo ngati kadontho kalikonse kakuimira 1 mu memory, mosungira data mwa kompyuta kapena foni, data yanu yapita. Mankhwala ake ndi kusanja cobalt kawiri, pakati nkuika ruthenium wopyapyala kuti maginito a mmwamba ndi a pansi aziloza mosiyana, wina akamakokera kumanzere mnzake akukokera kumanja, kadontho nkumayenda mowongoka. Ku labu ya Spintec ku Grenoble, France, anachita zimenezi mu 2024 nkufika mamita 900 pa sekondi.