Momwe mungasankhire regulator yotsika mtengo osaika moyo pachiswe

Kuno ku Tete madzi sitisowa, Zambezi ndi uyu, Cahora Bassa ndi iyo, koma si madzi olowamo pansi mwachisangalalo. Ndi amatope, ndipo eni ake ndi ng'ona ndi mvuu. Wa ku Ulongwe kapena ku Moatize amene masewera osambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya amulowa m'magazi amadutsa pa Calomue kapena pa Zobue kukaona nsomba za mbuna ku Cape Maclear, ku Nyanja ya Malawi, apo ayi amatsikira ku Vilankulo ndi ku Tofo kunyanja yamchere. Kubwereka zida ulendo uliwonse kumadya ndalama, komanso chinthu choti chalumidwa ndi anthu ambirimbiri chimakayikitsa. Ndikulankhula ndi inu amene munaphunzira kale n'kulandira satifiketi, ya PADI kapena SSI, mabungwe ophunzitsa masewerawa. Ngati simunaphunzire, ndalamazo kalipireni maphunziro kaye.

Yambani ndi kudziwa chimene mukugula: regulator ndi chida chopumira mpweya wa m'silinda muli pansi pa madzi. Mpweya wa m'silinda umakhala wothinikizidwa kufika 200 bar (bar ndi muyezo wa kuthinikizika kwa mpweya). Gawo loyamba la regulator, lomangidwa pasilinda, limautsitsa kufika 9 kapena 10 bar pamwamba pa mphamvu ya madzi okuzungulirani, ndipo gawo lachiwiri, lolowa m'kamwa, limaufewetsanso kuti muupume. Ogulitsa ambiri amatchula mtengo wa magawo awiriwa basi. Koma kuti mulowe m'madzi mufunikanso octopus, yachikasu yopumira mnzanu akasowa mpweya, geji yoonetsa mpweya wotsala, ndi payipi yopita ku BCD, jekete yopopa mpweya yokuthandizani kuyandama. Funsani mtengo wa zonse pamodzi, chifukwa zimene zimaoneka zotchipa pa intaneti zimasanduka zodula mukamaonjezera chimodzichimodzi.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndiye chachikulu, funsani amene adzaikonze musanafunse dzina lake. M'kati mwa regulator muli timphira ndi tiziwiya tomwe timatha, ndipo opanga ambiri amati ipite kwa katswiri chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, kapena mukalowa m'madzi maulendo 100. Si ntchito ya mmisiri wa njinga yamoto pamsika, ngakhale akhale waluso chotani. Imbirani malo amene mumakasambirako, muwafunse mitundu imene amakonza ndi imene zipangizo zake amazipeza mosavuta kuchokera ku South Africa. Akakuuzani Scubapro, gulani Scubapro. Akati Mares, Cressi kapena Aqualung, tsatirani zomwezo. Yopanda dzina yomwe mwaiona yotchipa kwambiri isiyeni, chifukwa tsiku limene idzayambe kutulutsa mpweya yokha mudzangoitaya.

Mukatero sankhani mtundu wa gawo loyamba. Pali za piston ndi za diaphragm, pali balanced ndi unbalanced. Yotchipa ndi piston unbalanced, monga Scubapro MK2 kapena Cressi AC2. Ili ndi tiziwalo tochepa, siivuta kukonza, n'chifukwa chake masukulu ambiri amaphunzitsira zoterezi. Vuto lake n'lakuti mpweya ukachepa m'silinda kupuma kumayamba kulemera pang'ono. Koma pa 50 bar mumayenera kukhala mukukwera kale, ndipo satifiketi yoyamba imakulolani mamita 18 okha. Ngati mukulinga ku mamita 30 kawirikawiri, onjezerani ndalama mugule balanced, yomwe kupuma kwake sikulemera mpweya ukachepa, mudzaona kusiyana. Zotsekedwa kuti zisaume ndi chisanu anapangira madzi ozizira pansi pa madigiri 10. Nyanja ya Malawi ndi yofunda chaka chonse, ndiye musalipire za ku Ulaya.

Onaninso pomangira. Yoke imakumbatira pakamwa pa silinda ndipo imalekezera 232 bar, DIN imalowa ndi mazinga ndipo imafika 300 bar. Funsani masilinda a kumene mumapita. Amene wagula DIN akhoza kuika adaputala n'kugwiritsa ntchito silinda ya yoke, choncho musaiiwale kunyumba. Pachitsulo kapena m'kabuku fufuzani chizindikiro cha EN 250, muyezo wa ku Ulaya umene umayesa regulator mpaka mamita 50.

Yogwirapo kale ntchito mukhoza kugula, bola muonjezere mtengo wokonzetsa pa mtengo wogulira, kenako muone ngati mwapulumutsadi kanthu. Chotsani kachivundikiro ka pakamwa pa gawo loyamba muyang'ane sefa. Ikakhala yobiriwira kapena ya dzimbiri, madzi analowa m'kati. Pindani mapayipi pafupi ndi zitsulo muone ming'alu. Bwezerani kachivundikiro, ikani gawo lachiwiri m'kamwa, kokani mpweya: pasabwere kanthu, ndipo pakabwera ndiye kuti penapake pakudontha. Ndiye imangeni pasilinda, tsegulani mpaka kumapeto, mupume mwamphamvu maso ali pageji. Singano isagwedezeke. Isiyeni mphindi zingapo mukumvetsera. Ikayamba kulira yokha kuti tsii, china chake m'kati mwake chatopa. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikani bwinobwino muzipita. Ndipo kaya ndi yatsopano kaya yakale, ulendo woyamba ukhale wa m'madzi osaya, mlangizi ali pambali.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa cha abale a ku Angónia. Kuchoka kunyanja kukwera mpaka ku Dedza ndi Ulongwe n'kufika pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo thupi limene langotuluka pansi pa madzi limaona ngati mwakwera ndege, zomwe zikhoza kukudwalitsani. Gonani kunyanja, munyamuke mawa lake.

Mukafika nayo kunyumba, mdani wake ndi dzuwa lathuli. Mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka mphira zimauma n'kusweka. Itsukeni ndi madzi oyera kachivundikiro kali kotseka, osadina batani la gawo lachiwiri pamene mulibe mpweya, chifukwa madzi angalowe m'payipi. Iumire pamthunzi, mapayipi muwakulunge momasuka, ndipo muisunge m'bokosi lotseka bwino, popeza mphemvu zimakonda kudya mphira yolowa m'kamwa ija.